Mafunso a Awerengi: Kukhumudwa ndi Matenda a Mitsempha ya Mtima

Mwezi uno talandira makalata atatu okhudza nkhani imodzi, ngakhale kuti olemba ake sadziwana. Onse akufunsa za mgwirizano umene ulipo pakati pa matenda okhumudwa, amene ena amawatcha matenda ovutika maganizo, ndi matenda a mitsempha yodyetsa mtima. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba tawasunga.

FUNSO

Adokotala, amuna anga ali ndi zaka 58 ndipo akhala akuyendetsa galimoto zonyamula katundu ku Johannesburg kwa zaka zoposa 20. Miyezi 7 yapitayo anagwa ali kuntchito atamva kupweteka koopsa pachifuwa, ndipo kuchipatala anawauza kuti mtsempha umodzi wa mtima unatsekeka. Anawaika kachipangizo kotsegula mtsempha kamene amati stent, anawapatsa mankhwala a mitundu inayi, ntchito inathera pomwepo, ndipo anabwerera kumudzi. Thupi likuoneka ngati linachira, koma munthuyo si yemwe uja ayi. Amangokhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, wailesi ili chete pambali pawo. Bawo anasiya, kutchalitchi anasiya, nsima amangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Usiku ndimawamva akutembenukatembenuka, ndipo tambala woyamba asanalire amakhala ali m'maso kale. Sabata yatha ndikuchapa jekete lawo ndinapeza m'thumba mapaketi awiri a mankhwala osatsegula n'komwe. Nditawafunsa anangoti, "Amathandiza chiyani, ine ndatha kale." Apongozi anga akuti tipite nawo kwa sing'anga chifukwa anthu anawachita chipongwe ku Joni, pamene anzawo akuti angolimba mtima poti ndi mwamuna. Kodi ndi mtima womwewo ukuwachititsa zimenezi kapena ndi maganizo? Nanga maganizo angatsekenso mtsempha wina?

Mayi wa ku Chiradzulu

YANKHO

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndiyamba ndi mapaketi a mankhwala aja chifukwa nkhani yake siyingadikire. Munthu amene anaikidwa stent amapatsidwa mankhwala awiri oletsa magazi kuundana, kawirikawiri aspirin ndi clopidogrel kapena ena ofanana nawo, ndipo nthawi zambiri amayenera kumwa onse awiri kwa miyezi pafupifupi 12, kenako n'kupitiriza ndi mtundu umodzi kwa moyo wake wonse. Akawasiya nthawi isanakwane, magazi angathe kuundana pa kachipangizo pomwepo n'kutsekanso mtsempha, ndipo kutsekeka kotereku kumabwera mwadzidzidzi komanso kumapha. Choncho musadikire tsiku limene linalembedwa m'kabuku kawo ka kuchipatala. Pitani nawo sabata yomwe ino, mutenge mapaketi onse, otsegula ndi osatsegula omwe, ndipo mukawauze adokotala mosabisa kuti papita masiku angati bambowa asakumwa mankhwala.

Chachiwiri chofunika changu ndi mawu aja akuti "ine ndatha kale." Pezani nthawi muli awiriwiri, muwafunse mwaulemu koma molunjika ngati anayamba aganizapo zodzipha. Anthu ambiri amaliopa funso limeneli poganiza kuti limupatsa munthu maganizo amene analibe, koma akatswiri anaona kuti kufunsa sikuwonjezera ngoziyo, ndipo odwala ambiri amapepukidwa akaona kuti wina wazindikira kulemera kwa katundu amene asenza. Akavomera, musawasiye okha, chotsani m'nyumba tameki ndi mankhwala ena onse ophera makoswe kapena opopera mbewu, mankhwala awo a mtima muziwasunga ndinu, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Munthu sapimidwa pakalata, koma zimene mwafotokoza zikufanana kwambiri ndi matenda okhumudwa. Aliyense amakhala wachisoni akadwala kapena ntchito ikamuthera, ndipo chisoni choterocho chimabwera n'kupita. Madokotala amati ndi matenda pamene chisoni, kapena kusasangalalanso ndi zinthu zimene munthu ankazikonda, kwakhalapo pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo kwabwera limodzi ndi zina monga kusowa tulo, kudzuka mbandakucha osagonanso, kusafuna chakudya, kufooka, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kudziona ngati wopanda ntchito, ndi kuganizira za imfa. Mwa odwala 5 alionse amene mtsempha wa mtima unawatsekekera, pafupifupi mmodzi amagwidwa ndi matenda okhumudwa aakulu, ndipo chiwerengerochi n'chochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi cha anthu ena onse. Amuna anu sali okha, ndipo zimene zikuwachitikirazi madokotala a mtima amazidziwa bwino.

Chinenero chathu chinaika chisoni mumtima kalekale. Timati munthu wasweka mtima, wataya mtima, mtima wake uli m'malere, ndipo pomutonthoza timamuuza kuti aike mtima pansi. Akuchipatala anatenga nthawi kuti atsimikize ndi manambala zimene mawuwa amalozera. Mu 1993, Nancy Frasure-Smith ndi François Lespérance a ku Montreal Heart Institute ku Canada anafalitsa zimene anapeza atatsatira odwala 222 amene anagonekedwa chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha wa mtima. Anawafunsa mafunso a za maganizo akadali m'chipatala, ndipo 35 mwa iwo anapezeka ndi matenda okhumudwa. Pomatha miyezi 6, ngozi ya imfa pakati pa okhumudwawo inali yokwera pafupifupi kanayi, ngakhale ofufuzawo ataganizirapo za kukula kwa kuwonongeka kwa mtima wa wodwala aliyense. Kafukufuku wa m'zaka zotsatira, amene anaphatikiza odwala masauzande ambiri, anatsitsa chiwerengerocho n'kuchiika pa kawiri kapena kuposerapo pang'ono, koma mfundo yake sinasinthe. N'chifukwa chake mu 2014 bungwe la ku America loona za matenda a mtima la American Heart Association linalimbikitsa kuti kukhumudwa kuziwerengedwa m'gulu la zinthu zimene zimaika wodwala wotereyu pangozi yodwalanso kapena yomwalira msanga.

Kuti mumvetse mmene izi zimachitikira, kumbukirani kuti mtima ndi mnofu umene umagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo umadyetsedwa ndi mitsempha yakeyake imene imayenda pamwamba pake. Ndi zaka, mafuta amaunjikana m'kati mwa makoma a mitsemphayi, makamaka mwa munthu wosuta fodya, wa BP, wa shuga kapena wa kolesterolo (mafuta a m'magazi) yambiri, ndipo njira ya magazi imachepa monga mmene ngalande imachepera ikadzaza matope. Tsiku lina mulu wa mafutawo umang'ambika, magazi amaundana pamenepo, njira imatsekeka, ndipo gawo la mnofu wa mtima limayamba kufa chifukwa chosowa mpweya. Kukhumudwa kumakhudza pafupifupi mbali iliyonse ya zimenezi. Thupi la munthu wokhumudwa limakhala ngati la munthu amene akuthamangitsidwa, mahomoni a cortisol ndi adrenaline amachuluka, mtima umagunda mofulumira ndipo umalephera kusinthasintha kagundidwe kake malinga ndi zimene thupi likuchita. Timaselo tothandiza magazi kuundana timamatana msanga, ndipo m'magazi mumapezeka zizindikiro zoti makoma a mitsempha ndi otupa.

Komabe pali njira ina imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonsezi, ndipo ndi imene inu mwaiona ndi maso anu pakhonde paja ndi m'thumba la jekete. Mary Whooley ndi anzake ku San Francisco anatsatira odwala 1,017 a mitsempha ya mtima kwa zaka pafupifupi 5 m'kafukufuku wotchedwa Heart and Soul, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2008. Odwala amene anali ndi zizindikiro za kukhumudwa ankadwalanso mtima, kuchita sitiroko kapena kumwalira kwambiri kuposa anzawo. Ofufuzawo atayang'ana chimene chinkachititsa kusiyanako, anapeza kuti mbali yaikulu inkachokera ku khalidwe la tsiku ndi tsiku, makamaka kungokhala osagwiritsa ntchito thupi, komanso kusuta ndi kusamwa mankhwala mokhulupirika. Kafukufuku wina wa mu 2000 anali atasonyeza kale kuti wodwala wokhumudwa ali ndi mwayi wochuluka katatu wosatsatira malangizo a kuchipatala. Munthu wotere sasiya mankhwala chifukwa cha mwano kapena ulesi. Matendawo amamulanda chiyembekezo, ndipo amene sakuona za mawa saona chifukwa chomezera piritsi lero. Mfundo imeneyi ndi yolimbikitsa kwa inu, chifukwa cortisol simungamugwire ndi manja, koma kumwa mankhwala, kuyenda ndi kudya ndi zinthu zimene banja lingathandizepo kuyambira mawa m'mawa.

Apongozi anu akulankhula chifukwa chomukonda mwana wawo, ndipo musakangane nawo. Apempheni kuti akuperekezeni kuchipatala kuti akamve okha zimene adokotala anganene. Chimene muyenera kukana mwamphamvu ndi choti bambowa asiye mankhwala a mtima, kapena amwe mizu ndi zitsamba zosadziwika pamodzi ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, pakuti zitsamba zina zimasokoneza kagwiridwe ntchito ka mankhwalawa. Koma anzawo amene akuti alimbe mtima poti ndi mwamuna, ine sindikugwirizana nawo ngakhale pang'ono. Bambo amene kwa zaka 20 ankatumiza ndalama za feteleza ndi za sukulu, lero n'kumadikira kuti apatsidwe sopo, ali kale ndi manyazi okwanira, ndipo kumuuza kuti mwamuna salira kumangomutseka pakamwa. Anzawowo akafuna kuthandiza, abwere ndi bawo pakhonde pomwepo, akhale nawo ngakhale masewerowo atatha opanda macheza.

Mukafika ku kiliniki ya BP ndi shuga, kapena kulikonse kumene amalandirira mankhwala a mtima, musayembekezere kuti akufunseni za maganizo, chifukwa mzere umakhala wautali ndipo nthawi ya wodwala mmodzi ndi yochepa. Yambitsani nkhaniyo nokha. Nenani za tulo, za chakudya, za bawo, ndi mawu amene anakuuzani. Pali mafunso 9 otchedwa PHQ-9 amene amathandiza kuyeza kukula kwa kukhumudwa, ndipo American Heart Association inalimbikitsa mu 2008 kuti odwala mtima azifunsidwa mafunso amenewa. Anamasuliridwa m'Chichewa ndipo anayesedwa kuno ku Malawi pakati pa odwala shuga. Adokotala adzafunanso kuona ngati kufookako sikukuchokera ku kuchepa kwa magazi, ku vuto la chithokomiro, kapena ku mtima umene ukulephera kupopa bwino, chifukwa zonsezi zingafanane ndi kukhumudwa. M'zipatala za m'maboma mumakhala anamwino ophunzira za matenda a maganizo, ndipo chithandizo chapamwamba chimapezeka ku Zomba Mental Hospital, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kutumizidwa kumeneko sikutanthauza kuti munthu wachita misala, ndipo odwala ambiri okhumudwa amathandizidwa akuchokera kunyumba.

Chithandizo chili pawiri, uphungu ndi mankhwala, ndipo nthawi zambiri zimayendera limodzi. Uphungu umene ndikunena ndi wokhala ndi ndondomeko, wothandiza munthu kutchula mavuto ake limodzilimodzi ndi kusankha loyamba kulimbana nalo. Ku Zimbabwe, kumene kukhumudwa amakutcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, dokotala wina wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa njira yotchedwa Friendship Bench, mmene amayi achikulire ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi odwala. M'kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016, patatha miyezi 6 anthu pafupifupi 14 pa 100 alionse amene anakhala pabenchipo ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa amene sanalandire uphunguwu anali pafupifupi 50 pa 100 alionse. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za kuno kwathu. Kumbali ya mankhwala, kafukufuku wotchedwa SADHART wa mu 2002, wa odwala 369, anasonyeza kuti mankhwala ochiza kukhumudwa otchedwa sertraline savulaza mtima wa munthu amene wangodwala kumene mitsempha.

Ndikuuzeni zoona pa funso lakuti kuchiza kukhumudwa kumatalikitsa moyo wa wodwala mtima kapena ayi, chifukwa zotsatira za kafukufuku sizinafanane. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa ENRICHD, wa odwala 2,481, anapeza mu 2003 kuti uphungu unachepetsako kukhumudwa koma sunachepetse imfa kapena kutsekekanso kwa mitsempha. Ku South Korea, Jae-Min Kim ndi anzake anapatsa odwala ena mankhwala ochiza kukhumudwa otchedwa escitalopram ndipo ena mapiritsi opanda mankhwala kwa masabata 24, mwa odwala 300, n'kuwatsatira kwa zaka pafupifupi 8. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2018, zinali zakuti odwala 41 pa 100 alionse amene anamwa mankhwalawo anakumananso ndi vuto lalikulu la mtima kapena kumwalira, poyerekeza ndi 54 pa 100 alionse a gulu linalo. Kwa ine, chifukwa chochizira amuna anu sichidalira manambala amenewa. Munthu amene wayambanso kugona, kudya ndi kuseka ndi adzukulu ake wapindula kale, ndipo ndi munthu yemweyo amene adzakumbukira kumwa aspirin wake.

Kunyumba, mankhwala azimwedwa pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, mwachitsanzo pa tiyi wa m'mawa, inu muli pomwepo. Adokotala akavomereza, yambani kuyenda nawo mphindi 10 m'mawa kukadali kozizira, mpaka kuchigayo kapena kudimba, n'kumawonjezera sabata iliyonse kufikira mphindi 30 pa masiku 5 a sabata. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Odwala ambiri amaopa kuti akangotuluka thukuta mtima uima, koma kuyenda koyenera kumalimbitsa mtima ndipo kumachepetsa kukhumudwa. Musawalande ntchito zonse pofuna kuwasamala. Apatseni zimene angathe, monga kuyang'anira nkhuku, kuwerengera ndalama za pakhomo kapena kuperekeza mdzukulu kusukulu, kuti aone kuti pakhomopo akadali ofunika. Ngati akuopanso za kuchipinda, monga amachitira abambo ambiri akadwala mtima, akafunse adokotala, ndipo asagule mapiritsi opatsa mphamvu pamsika, chifukwa akakumana ndi mankhwala ena a mtima, makamaka oika pansi pa lilime, amagwetsa BP moopsa. Inunso, mayi, mwasenza zambiri miyezi imeneyi. Pezani mchemwali wanu kapena mnzanu wa kumvano woti muzimuuza zakukhosi, ndipo tulo tikayamba kukuthawani inunso mukanene kuchipatala komweko.

FUNSO

Adokotala, ndine mphunzitsi wa zaka 44. Ndakhala ndikulandira chithandizo cha matenda okhumudwa kwa zaka zitatu, kuyambira pamene ngongole za katapila zinandipanikiza ndipo banja langa linatha. Bambo anga anamwalira mwadzidzidzi ali ndi zaka 60, ndipo anthu ankati ndi mtima. Nthawi zina ndili mu minibasi kapena m'kalasi mtima wanga umagunda kwambiri, pachifuwa pamathina, manja amachita dzanzi, ndipo ndimaona ngati ndikufa. Anandiyeza ndi makina a ECG, oyeza kagundidwe ka mtima, kawiri ndipo anati mtima uli bwino. Kodi matenda angawa adzandipatsa matenda a mtima ngati a bambo anga?

Bambo wa ku Kasungu

YANKHO

Bambo, n'zoona kuti kukhumudwa kumawonjezera ngozi ya matenda a mitsempha ya mtima ngakhale kwa munthu amene mtima wake ndi wabwinobwino. Kafukufuku wosiyanasiyana akaphatikizidwa amasonyeza kuti ngoziyo imakwera ndi pafupifupi 30 pa 100, ndipo ena anapeza zoposa pamenepo. Koma mumvetse tanthauzo la nambala imeneyi. Ngati mwa anthu 100 a msinkhu wina 10 akanadwala mitsempha ya mtima, ndiye kuti mwa anthu 100 okhumudwa a msinkhu womwewo angadwale pafupifupi 13, ndipo ena onsewo sadwala. Ndi ngozi yeniyeni, koma yoti munthu angathe kuichepetsa, ndipo inu mwayamba kale kutero pokhala pa chithandizo.

Kafukufuku wotchedwa INTERHEART, amene anatsogoleredwa ndi Salim Yusuf wa ku McMaster University ku Canada ndipo anafalitsidwa mu 2004, anayerekeza anthu oposa 15,000 amene mtsempha wa mtima unawatsekekera koyamba ndi anthu ena pafupifupi 15,000 amene sanadwale, m'mayiko 52, kuphatikizapo ena a kuno ku Africa monga South Africa. Anapeza kuti zinthu 9 zokha ndi zimene zimafotokoza pafupifupi 90 pa 100 ya ngozi yonse. Zinthuzo ndi mafuta oipa m'magazi, kusuta fodya, BP, shuga, kunenepa kwa pamimba, kusadya zipatso ndi masamba, kusagwiritsa ntchito thupi, kamwedwe ka mowa, ndi kupanikizika m'maganizo. M'gulu lomalizali anaikamo kukhumudwa, mavuto a kuntchito ndi a kunyumba, komanso mavuto a ndalama, ndiye katapila amene mwatchulayu ndi nkhani ya mtima ndithu. Zinthu zimenezi zimakokana. Munthu wokhumudwa amasuta kwambiri, amathawira ku kachasu kuti apeze tulo, ndipo sapita kukayezetsa. Choncho chimene ndikukupemphani ndi choti nthawi iliyonse mukapita kukatenga mankhwala a maganizo muziyezetsanso BP, ndipo kamodzi pachaka muziyezetsa shuga. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Ngati mumasuta, kusiya fodya ndi chinthu chachikulu kwambiri chimene mungawuchitire mtima wanu. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, umene ndi wosakwana bwino sipuni yaing'ono ya tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale mu usipa wouma ndi m'zokometsera ndiwo za m'sitolo.

Za bambo anu, dziwani kuti mawu akuti "ndi mtima" kwathu kuno amaphimba matenda ambiri. Pali mtima umene wakula ndi kufooka chifukwa cha BP ya zaka zambiri, pali mavavu a mtima amene anawonongeka munthu ali mwana chifukwa cha zilonda za pakhosi zosachizidwa, pali sitiroko, ndipo pali kutsekeka kwa mitsempha kumene tikukambiranaku. M'zipatala zathu mavuto oyambirirawo ndiwo akhala akuoneka kwambiri, ngakhale kuti a mitsempha akuchuluka pamene kadyedwe ndi kakhalidwe ka m'tauni kakusintha. Madokotala amada nkhawa kwambiri ndi mbiri ya kubanja pamene bambo kapena mchimwene anadwala mitsempha ya mtima asanakwanitse zaka 55, kapena mayi kapena mchemwali asanakwanitse zaka 65. Auzeni adokotala anu za imfa ya bambo anuyo kuti ailembe m'kabuku.

Zimene zimakugwirani mu minibasi zikufanana ndi mantha adzidzidzi amene amayenda limodzi ndi nkhawa ndi kukhumudwa. Amafika pachimake m'mphindi zochepa, munthu amapuma mofulumira, manja ndi milomo zimachita dzanzi, kenako zimatha zokha, ndipo ali ndi chithandizo chake chimene muyenera kukambirana ndi amene amakuthandizani. Ululu wa mitsempha ya mtima kawirikawiri umamveka ngati mwala wolemera wasanjikidwa pakati pa chifuwa, umabwera munthu akamakwera chitunda kapena akamalima, umachepa akapuma, ndipo ungafalikire kudzanja lamanzere, kukhosi, kunsagwada kapena kumsana. Ululu wotere ukakana kutha kwa mphindi 15, makamaka ukabwera ndi thukuta lozizira, mseru kapena kubanika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ECG ya mwezi watha inali yabwino. Amayi, okalamba ndi odwala shuga nthawi zina samva ululu waukulu, amangobanika ndi kufooka. Ndipo pali ngozi ina imene imagwera anthu a mbiri ngati yanu, yakuti aliyense amafulumira kunena kuti ndi maganizo chabe. Ululu ukakhala wosiyana ndi umene munauzolowera, nenani momveka kuti uwu ndi wachilendo, ndipo pemphani kuti akuyezeninso.

FUNSO

Adokotala, mayi anga a zaka 67 ali ndi shuga, ndipo chaka chatha anauzidwa kuti mitsempha ya mtima wawo ndi yothina. Posachedwa anapatsidwa amitriptyline chifukwa sagona, amalira pafupipafupi, ndipo mapazi amawatentha usiku. Chiyambireni kumwa akumva chizungulire akamadzuka ndipo akuti mtima ukuthamanga. Kodi ndiwasiyitse?

Mayi wa ku Mchinji

YANKHO

Mayi, mwachita bwino kufunsa. Amitriptyline ndi mankhwala akale amene amapezeka m'zipatala zathu zambiri, ndipo amathandiza pa kukhumudwa komanso pa kutentha kwa mapazi kwa odwala shuga, ndiye n'zomveka kuti anaganiziridwa. Vuto lake ndi lakuti amakhudza kagundidwe ka mtima. Amaufulumizitsa, angathe kuusokoneza, ndipo amagwetsa BP munthu akaimirira, zimene zimabweretsa chizungulire ndi kugwa, makamaka kwa okalamba. Saperekedwa kwa munthu amene mtsempha wa mtima wamutsekekera posachedwa kapena amene mtima wake umagunda mosalongosoka, ndipo kwa wodwala mitsempha ya mtima aliyense amafunika kusamala kwambiri. N'kutheka kuti amene anawalembera sanaone mbiri ya mtimayo, makamaka ngati mayi ali ndi timabuku tiwiri kapena amapita kuzipatala zosiyana.

Pitani nawo kuchipatala lero kapena mawa, musanawapatse piritsi lina la usiku ngati n'kotheka, mutenge timabuku tonse ndi mankhwala onse amene amamwa, ndipo mukatchule za mtima musanatchule china chilichonse. Adokotala ndiwo adzaone ngati n'koyenera kuwasiyitsa nthawi yomweyo kapena kuchepetsa pang'onopang'ono, malinga ndi mlingo wake ndi nthawi imene amwa. Akakomoka, akamva kupweteka pachifuwa kapena akabanika, musadikire kuti kuche. Mapiritsiwa muwasunge patali ndi ana, ndipo mayi asamakhale nalo paketi lonse, chifukwa amitriptyline wochuluka amaimitsa mtima.

Mankhwala amene angalowe m'malo mwake ndi a gulu la sertraline ndi fluoxetine, amene mtima umawapirira bwino, koma nawonso ali ndi zofunika kuzidziwa. Akamwedwa pamodzi ndi aspirin amawonjezera ngozi yotaya magazi m'mimba, ndiye chimbudzi chakuda ngati phula chiyenera kunenedwa msanga. Kwa okalamba amene akumwanso mankhwala okodzetsa a BP, angathe kutsitsa mchere wa m'magazi, ndipo chizindikiro chake ndi kusokonezeka mutu ndi kufooka kwachilendo. Fluoxetine angathenso kuchepetsa mphamvu ya clopidogrel, choncho ngati mayi akumwa clopidogrel adokotala adziwe. Mankhwala onsewa amatenga masabata awiri mpaka 6 kuti munthu ayambe kuona kusintha, ndipo akayamba kupeza bwino amayenera kupitiriza kwa miyezi ina yosachepera 6. Kutentha kwa mapazi kudzafunika kukuganizira pakokha, kuyambira ndi kuona ngati shuga wawo akutsika mokwanira, ndipo mukawakumbutse adokotala za mapaziwo pa ulendo womwewo kuti mayi asabwerere kunyumba atachotseredwa mankhwala amene amawagonetsa popanda china cholowa m'malo mwake.